65803 Didymos

65803 Didymos ndi asteroid, kutanthauza thanthwe loyenda mumlengalenga mozungulira dzuwa, ndipo njira yake imadutsa kufupi ndi njira ya dziko lapansi. Kukula kwake ndi pafupifupi mamita 760 kuchoka mbali ina kufika mbali ina. Ali ndi kamwezi kake kotchedwa Dimorphos, kamamita pafupifupi 150, komwe kamamuzungulira. Akatswiri a zakuthambo amamuika m'gulu la ma-asteroid omwe angathe kukhala oopsa, ngakhale kuti mawerengero a njira yake akusonyeza kuti sawomba dziko lapansi m'zaka zoposa 100 zikubwerazi.

Awiriwa anatchuka pa 26 Sepitembala 2022, pamene chombo cha DART cha bungwe la NASA chinawomba Dimorphos mwadala pofuna kuona ngati anthu angathe kupatutsa thanthwe la mumlengalenga. Ku Malawi nthawi inali 1:14 usiku, kulowa pa 27 Sepitembala. Kugundako kunafupikitsa ndi mphindi 33 nthawi imene Dimorphos amatenga pozungulira Didymos. Aka kanali koyamba kuti anthu asinthe mwadala kayendedwe ka chinthu chachilengedwe cha kuthambo, n'kuyeza kuti chasintha motani.

Kupezeka kwake ndi mayina

Didymos anamupeza pa 11 Epulo 1996 ndi Joseph Montani, yemwe ankagwira ntchito m'pulogalamu ya Spacewatch ya University of Arizona, pamalo oonera zakuthambo a Kitt Peak ku America. Poyamba ankangodziwika ndi chizindikiro choti 1996 GT. Nambala ya 65803 inabwera njira yake itadziwika bwino.

Mu Novembala 2003 thanthweli linadutsa pamtunda wa makilomita pafupifupi 7.2 miliyoni kuchokera padziko, ndipo mpata umenewu unathandiza kuliunika mofatsa. Petr Pravec wa ku Ondřejov m'dziko la Czech Republic pamodzi ndi anzake anaona kuti kuwala kwake kumachepa pang'ono mobwerezabwereza, mwa njira imene kuzungulira kwa thanthwe limodzi sikukanafotokoza. Anazindikira kuti pali chinthu chachiwiri. Masiku ochepa pambuyo pake radar ya ku Arecibo ku Puerto Rico inatsimikizira kuti kamwezi kalipodi. N'chifukwa chake mu 2004 thanthwe lalikululo linapatsidwa dzina loti Didymos, mawu a Chigiriki otanthauza mapasa.

Kamwezi kanakhala zaka zambiri kopanda dzina lenileni, ndipo akatswiri ankangokatchula mwanthabwala kuti Didymoon. Dzina loti Dimorphos linavomerezedwa mu Juni 2020 ndi bungwe la International Astronomical Union. Amene analipereka ndi Kleomenis Tsiganis wa ku Aristotle University of Thessaloniki, ndipo limatanthauza chinthu cha maonekedwe awiri, poganizira mmene kamweziko kadzakhalire DART isanakagunde ndiponso itakagunda.

Malo a pamwamba pa Dimorphos anawatcha mayina a ng'oma ndi zoimbira zina zomenya za mitundu yosiyanasiyana ya anthu. Pali miyala ikuluikulu yotchedwa Atabaque, Bodhran ndi Dhol, ndiponso maenje otchedwa Bongo, Marimba ndi Msondo. Dzina lomalizali ndi la ng'oma ya ku Tanzania.

Njira yake ndi tanthauzo la mawu oti "woopsa"

Didymos amazungulira dzuwa kamodzi pa masiku 770, omwe ndi zaka ziwiri ndi mwezi umodzi ndi masiku angapo. Njira yake si yozungulira bwinobwino koma yotalika ngati dzira. Akayandikira dzuwa amafika pamtunda wa makilomita pafupifupi 152 miliyoni, kunja pang'ono kwa njira ya dziko lapansi, ndipo akatalikira amafika makilomita 340 miliyoni, kupitirira njira ya pulaneti ya Mars. Ali m'gulu la ma-asteroid lotchedwa Apollo.

Mawu oti "angathe kukhala woopsa" amasokoneza anthu ambiri, makamaka akamveka pawailesi kapena akafalikira pa WhatsApp popanda kufotokozera. Si chenjezo loti thanthwe likubwera. Ndi dzina la gulu, ndipo thanthwe limalowa m'gululi likakwaniritsa zinthu ziwiri. Choyamba, njira yake iyandikire njira ya dziko lapansi mosapitirira makilomita 7.5 miliyoni, womwe ndi mtunda wa kumwezi kuuwirikiza pafupifupi ka 20. Chachiwiri, kuwala kwake kusonyeze kuti ndi lalikulu mamita 140 kapena kuposa. Matanthwe otere odziwika ndi oposa 2,000. Chifukwa chowaikira m'gulu lawolawo n'chakuti mphamvu yokoka ya mapulaneti imasuntha njira zawo pang'onopang'ono, kotero njira imene lero ili kutali ndithu ingathe kuyandikira pakapita zaka mazana kapena masauzande. Amafunika kuwayang'anira, basi.

Pa 4 Okutobala 2022 Didymos anadutsa pamtunda wa makilomita 10.7 miliyoni. Mu Novembala 2123 adzadutsa pa makilomita pafupifupi 5.9 miliyoni, kuwirikiza ka 15 mtunda wa kumwezi.

Maonekedwe

Zithunzi za radar zinapangitsa akatswiri kuganiza kuti Didymos amaoneka ngati nguli, wotupa pakati ndi wosongoka kumwamba ndi kunsi. Kamera ya DART inasonyeza kuti ndi wophwatalala kuposa pamenepo: m'mimba mwake ndi mamita opitirira pang'ono 800, koma kuchoka kumwamba kufika kunsi ndi mamita pafupifupi 600. Amazungulira payekha kamodzi pa maola 2.26. Liwiro limeneli lili pafupi kwambiri ndi malire amene thanthwe losagwirana bwino limayamba kumwazika.

Dimorphos asanagundidwe anali ngati mpira wokhalidwa, wa mamita pafupifupi 177 m'litali, 174 m'lifupi ndi 116 msinkhu. Akanati aikidwe pabwalo la mpira wamiyendo, akanaliphimba lonse n'kusefukira kunja kwa mizere. Si thanthwe limodzi lolimba ayi. Ndi mulu wa miyala, timiyala ndi fumbi, zomwe zimangogwirana ndi mphamvu yokoka yochepa kwambiri. Kulemera kwake akukuyerekeza kuti ndi makilogalamu pafupifupi 4.3 biliyoni. Ankazungulira Didymos pamtunda wa mamita 1,189 kuchoka pakati pa wina kufika pakati pa mnzake, ndipo ulendo umodzi unkatenga maola 11 ndi mphindi 55. Liwiro lake linali masentimita 17 okha pa sekondi, kuchedwa kuposa munthu woyenda mwaulesi. Mphamvu yokoka ya kumeneko ndi yofooka moti munthu ataima pa Didymos n'kudumpha ngati mmene amadumphira pano, sangabwererenso pansi.

Maganizo amene akatswiri ambiri amagwirizana nawo ndi akuti Dimorphos anabadwa kuchokera kwa Didymos. Dzuwa likatenthetsa thanthwe la mabampu, kutenthako kumatuluka mosafanana m'mbali zake, ndipo kumalikankha pang'ono kwambiri moti pakapita zaka mamiliyoni limayamba kuzungulira mofulumira. Zimenezi amazitcha YORP, kutengera zilembo zoyamba za mayina a Yarkovsky, O'Keefe, Radzievskii ndi Paddack. Liwiro likafika pamalire, miyala ya pakati pa thanthwelo imathothoka ngati matope a patayala la njinga m'nyengo ya mvula, ndipo ina imaunjikana n'kupanga kamwezi. Powerenga maenje a pamwamba pawo, kafukufuku wa mu 2024 anayerekeza kuti nthaka ya Didymos ili ndi zaka pafupifupi 12.5 miliyoni pamene ya Dimorphos siikupitirira zaka 300,000. Didymos sali yekha pankhaniyi: mwa ma-asteroid okulirapo oyenda kufupi ndi dziko, pafupifupi 15 pa 100 alionse ali ndi kamwezi.

Chifukwa chake anasankha kamwezi

Kugunda thanthwe loyenda lokha kukanakhala kosavuta, koma kuyeza zotsatira zake kukanatenga zaka. Thanthwe lotero limathamanga makilomita ambiri pa sekondi mozungulira dzuwa, ndipo kusintha kwa mamilimita ochepa pa sekondi kumabisika m'liwiro lalikululo. Kamwezi koyenda masentimita 17 pa sekondi n'kosiyana. Kukakankha pang'ono kumaonekera msanga pa nthawi imene kamatenga pozungulira.

Kuchokera padziko lapansi, telesikopu wamba siitha kulekanitsa Didymos ndi Dimorphos. Onse awiri amaoneka ngati kadontho kamodzi ka kuwala. Koma njira ya kamwezi inapendekeka mwa mwayi, moti kamadutsa kutsogolo kwa Didymos kenako n'kulowa mumthunzi wake. Uyu ndi kadamsana wamng'ono wochitika mobwerezabwereza, ndipo nthawi iliyonse kadontho kaja kamazimirira pang'ono. Poyeza nthawi ya pakati pa kuzimirira kumodzi ndi kwina, akatswiri anadziwa ulendo wa Dimorphos molondola mpaka pa kachigawo ka sekondi, pogwiritsa ntchito zoyeza zoyambira mu 2003. Kugwiritsa ntchito kadamsana ngati wotchi si kwachilendo kwa odziwa mbiri ya Angoni a ku Mzimba: chaka chimene anthu a Zwangendaba anawoloka mtsinje wa Zambezi chimadziwika kuti ndi 1835 chifukwa cha kadamsana wa dzuwa amene anachitika mu Novembala chaka chimenecho, yemwe akuluakulu anamusunga m'nkhani zawo.

Panalinso nkhani ya chitetezo. Dimorphos ndi womangika kwa Didymos, yemwe amamuposa kulemera koposa ka 100. Kugunda kamweziko sikukanasuntha awiriwa mokwanira kuti alunjike kudziko lapansi.

Ulendo wa DART

DART ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti Double Asteroid Redirection Test. Chombochi chinapangidwa ndi Applied Physics Laboratory ya Johns Hopkins University, ndipo ntchito yonse inadya ndalama zoposa madola 300 miliyoni. Chinanyamuka pa 24 Novembala 2021 kuchokera ku Vandenberg m'chigawo cha California, pa roketi ya Falcon 9 ya kampani ya SpaceX. Thunthu lake linali bokosi la mamita pafupifupi 1.3 mbali iliyonse, lokhala ndi mapiko awiri a sola a mamita 8.5 lililonse. Sichinanyamule bomba. Chida chake chinali kulemera kwake ndi liwiro lake basi: makilogalamu pafupifupi 580 othamanga makilomita 6.1 pa sekondi. Pa liwiro lotere, ulendo wa pakati pa Mzimba Boma ndi Mzuzu ungathe m'masekondi pafupifupi 20.

Vuto lalikulu linali kulunjika. Didymos anali pamtunda wa makilomita 11 miliyoni, ndipo uthenga wa pawailesi unkatenga masekondi 38 kuti ufike padziko, enanso 38 kuti yankho libwerere. Munthu sakanatha kuchiwongolera ali pansi. Choncho maola anayi omaliza chombocho chinkadziyendetsa chokha, pogwiritsa ntchito kamera yake imodzi yotchedwa DRACO ndi pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa SMART Nav. Dimorphos anayamba kuoneka payekha kutangotsala mphindi 73, ngati kadontho kakang'ono pambali pa Didymos. Kutatsala mphindi 50, chombocho chinasiya kulondola thanthwe lalikulu n'kutembenukira kwa kamwezi, komwe maonekedwe ake palibe munthu anali atawaonapo. Chinasiya kudziwongola kutatsala mphindi ziwiri ndi theka.

Zithunzi zinkabwera chimodzi pa sekondi iliyonse ndipo zinkaulutsidwa pa intaneti nthawi yomweyo. Chithunzi chathunthu chomaliza chinajambulidwa kutatsala masekondi awiri, pamtunda wa makilomita 12, ndipo chinaonetsa miyala yokhayokha yosanjikizana. Chotsatira chinafika kachigawo kapamwamba kokha, kwinako kopanda kanthu, chifukwa chombocho chinaphwanyika chisanamalize kutumiza. Chinagunda pakati pa miyala ya Atabaque ndi Bodhran, mamita osapitirira 25 kuchoka pakatikati pa Dimorphos.

Mboni yapafupi inali kachombo ka LICIACube ka bungwe la zamlengalenga la Italy, kopangidwa ndi kampani ya Argotec. DART inakatulutsa pa 11 Sepitembala, ndipo kanadutsa pamtunda wa makilomita pafupifupi 58 patatha mphindi zosakwana zitatu kuchokera pa kugundako, n'kujambula mizere ya fumbi ndi miyala ikumwazika.

Mboni za ku Africa

Pa nthawi ya kugundako kunali masana kapena madzulo m'madera ambiri a America, ndipo Didymos anali kuthambo la kummwera. Kummwera ndi kummawa kwa Africa ndi kumene kunali mdima thanthwelo lili pamwamba. Ku Mzimba, monganso m'Malawi yense, linali litakwera bwino kuthambo, koma linali lozimirira kwambiri moti maso kapena mabayinokyula sakanaliona.

Matelesikopu a ku Sutherland m'chigawo cha Northern Cape ku South Africa, kuphatikizapo ya ATLAS ndi ya Las Cumbres Observatory, anajambula kadontho kaja kakuwala mwadzidzidzi ndiponso mtambo wa fumbi ukufalikira. Chimodzimodzinso malo oonera zakuthambo a Les Makes pachilumba cha Réunion. Anthu wamba okhala ndi matelesikopu ang'onoang'ono ku Kenya ndi ku Réunion nawonso anajambula, ndipo zimene anayeza zinalowa m'kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya sayansi ya Nature mu 2023. Kuwala kwa Didymos kunawirikiza kangapo, ndipo kunabwerera mwakale patatha milungu itatu ndi masiku ochepa.

Zotsatira

NASA inali itanena kuti kusintha kwa masekondi 73 kukhala kokwanira kuti ntchitoyo itchedwe yopambana. Pa 11 Okutobala 2022 inalengeza kuti nthawi yozungulira yafupika ndi mphindi 32. Kuyeza kwa pambuyo pake kunafikitsa nambalayi pa mphindi 33, ndipo Dimorphos tsopano amazungulira Didymos pa maola 11 ndi mphindi 22 ndi masekondi ochepa.

Zimadabwitsa kuti chinthu chochepetsedwa liwiro chizimaliza ulendo msanga. DART inagunda Dimorphos chamaso, mbali imene ankalowera, ndipo inamuchepetsa liwiro ndi mamilimita 2.7 pa sekondi. Chinthu chozungulira chinzake chikachepa liwiro chimatsikira kufupi ndi chimene chikuchikoka. Njira ya Dimorphos inatsika kuchoka pa mamita 1,189 kufika pa mamita pafupifupi 1,152, ndipo njira yaifupi imatha msanga.

Phunziro lalikulu linali pa zinyalala za kugundako. Kulemera kwa DART poyerekeza ndi Dimorphos kuli ngati njere imodzi ya chimanga poyerekeza ndi matumba oposa 40 a makilogalamu 50, ndipo chombocho pachokha sichikanasintha ulendowo ndi mphindi zoposa pafupifupi zisanu ndi ziwiri. Koma kugundako kunafukula miyala ndi fumbi zolemera makilogalamu oposa 1 miliyoni, zomwe zinaulukira kumene chombocho chinachokera. Monga mmene mfuti imakankhira phewa la woombera chipolopolo chikamatuluka, zinyalalazo zinakankha Dimorphos mbali inayo. Akatswiri anapeza kuti mphamvu yonse yokankha inali kuwirikiza pafupifupi ka 3.6 mphamvu ya chombocho, ngakhale nambalayi ingakhale pakati pa 2.2 ndi 4.9 malinga ndi kulemera kwenikweni kwa kamweziko, komwe DART sinayeze mwachindunji.

Patatha masiku awiri telesikopu ya SOAR ku Chile inajambula mchira wa fumbi wotalika makilomita oposa 10,000, wofanana ndi wa nyenyezi ya mchira, ndipo unaonekabe kwa miyezi yambiri. Mu Disembala 2022 telesikopu ya Hubble inaona miyala 37 ya pakati pa mita imodzi ndi mamita 7 ikutalikira pang'onopang'ono. Maonekedwe a Dimorphos nawonso anasintha. Mawerengero akusonyeza kuti mpira wokhalidwa uja unasanduka chinthu chotalika mbali imodzi ngati vwende, ndipo n'kutheka kuti m'malo mosiya dzenje limodzi, kugundako kunaumbanso mbali yaikulu ya kamweziko.

Zimene mayesowa akutanthauza pa chitetezo cha dziko

Kukula kwa Dimorphos ndi kumene kumadetsa nkhawa akatswiri kwambiri. Matanthwe a kilomita imodzi kupita m'mwamba, omwe angawononge dziko lonse, ndi ochepa ndipo oposa 90 pa 100 alionse anapezeka kale. A mamita 140 kupita m'mwamba akuyerekezedwa kuti alipo pafupifupi 25,000 kufupi ndi dziko, ndipo pofika 2022 opezeka anali osakwana theka. Limodzi lotere limagwa mwina kamodzi pa zaka 20,000, koma litagwa pamtunda lingafafanize mzinda ndi madera ouzungulira. Zing'onozing'ono zomwe zaonetsa kale mphamvu yake. Thanthwe la mamita pafupifupi 20 lomwe linaphulika pamwamba pa mzinda wa Chelyabinsk ku Russia pa 15 Febuluwale 2013 linavulaza anthu pafupifupi 1,500, ambiri ndi magalasi a mawindo, ndipo palibe amene analiona likubwera chifukwa linachokera mbali ya dzuwa. La ku Tunguska pa 30 Juni 1908 linagwetsa mitengo pamalo oposa masikweya kilomita 2,000. Kufupi ndi Pretoria kuli dzenje la Tswaing, lalikulu kupitirira kilomita imodzi, lomwe linakumbidwa ndi thanthwe la mamita makumi ochepa zaka pafupifupi 220,000 zapitazo.

Kupatutsa thanthwe sikufuna kuliphwanya. Dziko lapansi limayenda makilomita 30 pa sekondi ndipo limasuntha mtunda wofanana ndi kukula kwake m'mphindi zisanu ndi ziwiri. Ngozi imachitika pokhapokha dziko ndi thanthwe zikafika pamphambano nthawi imodzi, choncho n'kokwanira kuchedwetsa thanthwelo kapena kulifulumizitsa ndi mphindi zochepa. Apa ndi pamene pali malire a njira ya DART. Kusintha kwa mamilimita 2.7 pa sekondi ndi makilomita 85 okha pa chaka, pamene dziko ndi lalikulu makilomita oposa 12,700. Mpata umakula chaka ndi chaka, ndipo kayendedwe kozungulira dzuwa kamaukulitsanso, komabe pamafunika zaka khumi kapena makumi angapo, mwinanso zombo zingapo. Thanthwe lopezeka kutatsala miyezi yochepa silingapatutsidwe mwa njira imeneyi, ndipo chotsala chingakhale kusamutsa anthu pamalo pamene likagwere. Ntchito yofunafuna matanthwewa ndi matelesikopu, ngakhale siikopa anthu ngati kugunda kwa chombo, ndi imene imapereka zaka zofunikazo.

Palinso chenjezo lochokera ku mayeso omwewa. Dimorphos ndi mulu wa miyala yosagwirana, ndipo thanthwe lolimba kapena lachitsulo lingayankhe mosiyana. Kugunda mwamphamvu kwambiri thanthwe laling'ono kungalimwaze m'zidutswa zomwe zina zingapitirizebe ulendo wolunjika padziko.

Miyala yogwa kuchokera kumwamba ku Malawi

Kaunikidwe ka kuwala kwa Didymos kamasonyeza kuti ndi wa mtundu wa S, wa miyala yokhala ndi olivine ndi pyroxene, wofanana ndi miyala yogwa kuchokera kumwamba ya mtundu wa chondrite ya magulu a L ndi LL. Miyala ya mtundu umenewu inagwapo ku Malawi. Umene unagwa ku Zomba pa 25 Januwale 1899 ndi umene unagwa ku Machinga pa 22 Januwale 1981, wolemera makilogalamu 93, yonse ndi ya gulu la L6. Sinachoke kwa Didymos, koma ndi yamtundu wofanana, moti woigwira m'manja angadziwe mwapang'ono chimene DART inagunda.

M'boma la Mzimba munagwanso mwala wolemera pafupifupi kilogalamu imodzi mu 1944, womwe umadziwika ndi dzina loti Mtola. Ina yolembedwa m'kaundula wa miyala yotere ndi ya ku Dowa mu 1976 ndi ku Chisenga m'boma la Chitipa mu 1988. Kutsidya kwa malire, ku Mbozi kummwera kwa Tanzania, kuli chitsulo chogwa kuchokera kumwamba cholemera matani pafupifupi 16.

Yonseyi inagwa popanda chenjezo, ndipo ndi yaing'ono kwambiri kuti ilowe m'gulu la oopsa. Koma Africa ndi kumene kunagwera thanthwe loyamba kuonedwa ndi telesikopu lisanagwe: 2008 TC3, la mamita pafupifupi anayi, lomwe linaphulika pamwamba pa chipululu cha Nubia ku Sudan pa 7 Okutobala 2008, patatha maola osakwana 24 chilipezereni. Lina lotere, 2018 LA, linagwa ku Botswana pa 2 Juni 2018 ndipo zidutswa zake zinatoledwa m'nkhalango ya Central Kalahari.

Ulendo wa Hera

Kuti zotsatira za DART zigwire ntchito pa thanthwe lina, pafunika kudziwa kulemera kwenikweni kwa Dimorphos, mmene mkati mwake mulili, ndi chimene chinatsala pamalo ogundidwa. Imeneyi ndi ntchito ya chombo cha Hera cha bungwe la European Space Agency. Chinanyamuka pa 7 Okutobala 2024 kuchokera ku Cape Canaveral m'chigawo cha Florida, ndipo pa 12 Malichi 2025 chinadutsa kufupi ndi Mars kuti mphamvu yokoka ya pulanetiyo ichikhotetsere kwa Didymos. Ndondomeko ya ulendowu inaika nthawi yofika kumapeto kwa 2026, ndi miyezi yosachepera isanu ndi umodzi younika awiriwa pafupi.

Hera inanyamula tizombo tiwiri tating'ono. Milani, kotchedwa dzina la katswiri wa masamu wa ku Italy Andrea Milani, ndi kounika mitundu ya miyala ndi fumbi lotsala. Juventas kali ndi radar yoona mkati mwa thanthwe, ndipo kanakonzedwa kuti pomaliza katere pa Dimorphos n'kuyeza mphamvu yake yokoka.